Njere Zofiira za Jabez

Mutu 6

1. Mpanda wa kutsidya

Ine ndine Barnabas Tull, wokhoma migolo, ndipo ndagwira mtsuko wa chisankho kuno ku Wenbury zaka khumi ndi zinayi. Anandisankha chifukwa ndilibe ng'ombe, ndilibe munda woti munthu n'kuusirira, komanso sindimwa kwambiri. Choncho nkhani ya Jabez Wadley ndinaiona ndi maso angawa. Zimene sindinaone anandiuza yekha mwini wake patapita zaka.

Bambo wake, a Hezekiah Wadley, anali mmodzi wa anthu oyamba kuwoloka nyanja kuchokera ku England kudzamanga mudzi uno. Kwa zaka 26 ndi iwo amene ankatiweruza milandu ndi kukatiyimira ku msonkhano waukulu wa ku likulu. Mlatho wa pamtsinje ndi iwo. Sukulu ya ana athu ndi iwo. Chaka cha njala, chipale chofewa chitatseka zitseko mpaka mwezi wa Epulo, anatsegula nkhokwe yawo n'kumagawa chimanga ndi chipewa, khomo ndi khomo. Ngakhale tsiku limene mkazi wawo ankatsirizika, iwo anali ku likulu pa nkhani za mudzi. Anafika maliro ataikidwa kale.

Koma anthufe ndife oiwala. Chaka chapitacho ng'ombe za a Gershom Pell ndi za anzawo zinawoloka mtsinje n'kukamaliza munda wa eni dziko, anthu amene tinawapeza kuno. Nkhalamba yawo, Sokanum, inabwera ndi mapesi m'manja kudzadandaula. A Hezekiah anamva mbali zonse ziwiri, kenako anagamula kuti eni ng'ombe amange mpanda kuzungulira munda wonsewo ndi manja awo. Amuna anasenza mitengo mwezi wathunthu akutukwana.

Mpanda utatha, Sokanum anabwera ndi zimanga zitatu zambewu, zofiira psuu. A Hezekiah anakana mphatsoyo, koma nkhalambayo inangoisiya pakhomo n'kumapita. Mlongo wa a Hezekiah, mayi Keziah, amene ankasamalira nyumbayo, anatola zimangazo n'kuzipachika pamwamba pa moto. Chimanga chotero munalibe wina anali nacho m'mudzi monse. Chathu n'chachikasu.

Tsono mwezi wa Meyi unafika, nthawi ya chisankho cha woweruza. Dzina likatchulidwa, mwamuna aliyense wolumbira, ndiye kuti amene analumbira kukhala nzika ya mudzi, amaponya njere imodzi mumtsuko: chimanga ngati akumufuna munthuyo, nyemba ngati sakumufuna. Njereyo aliyense amabwera nayo kuchokera kwake. A Pell anali akunena poyera kuti, "Ndikangokhala pampando paja, mpanda uja ndi nkhuni."

Jabez anali atangokwanitsa zaka 21, ndipo aka kanali koyamba kuti aponye njere yake.

2. Nzeru za Asa

Lolemba masana Jabez ankamwetsa hatchi pa mlatho pamene msuweni wake Asa Colley anatulukira pangolo. Asa ankanyamula katundu kupita ku likulu, ndipo chifukwa cha zimenezo ankadziona ngati anaona dziko lonse.

"Msuweni, wamva?" anatero Asa akutsika. "Amayi akudandaula m'mudzi muno. Akuti amuna awo akuba nyemba mumphika."

"Usiye zimenezo, Asa."

"Ndisiye? Werenga wekha. Pell, ana ake awiri, akamwini ake, a kwa Tarbox onse anayi, ndi aliyense amene anatuluka matuza pa mpanda uja. Lachitatu malume akugwa, ndipo agwa chagada."

"Anthu sangaiwale chaka cha njala."

"Ha! Mimba ikakhuta ilibe chikumbumtima, iwe. Ndiye ukufuna kuwathandiza ndi kanjere kamodzi, ngati nkhuku yodwala?"

Jabez anamuyang'ana. "Ukutanthauza chiyani?"

Asa anasendera pafupi. "Dzanja likalowa pansi pa nsalu yophimba mtsuko, amaliona ndani? Barnabas? Amene uja amaona migolo yokha." Apa ankanena ine, ndipo ndinamukhululukira mochedwa. "Mtsuko amaumata phula n'kuutumiza ku likulu. Ndinaonapo ine. Kumeneko alembi amawerenga mitsuko makumi atatu tsiku limodzi, akuyasamula. Palibe amafunsa kuti ku Wenbury kuli amuna angati."

"Kumeneko n'kuba."

"Kuba chiyani? Chimanga n'chako, dzanja n'lako. Ukuganiza kuti Pell akalowa, munda wa nkhalamba ija utsala? Ana ake adzadya chiyani? Iwe zingopemphera, mnyamata wabwino. Anzako akunola nkhwangwa."

Asa anakwera pangolo n'kumapita akuimba mluzu. Iye sanali wolumbira, choncho analibe choti angataye. Jabez anatsala pa mlathopo mpaka hatchi inayamba kudya udzu wa m'mphepete.

3. Madzi a m'sitima

Meyi ndi mwezi woipa m'nkhokwe. Kwa a Wadley chimanga chachikasu chinali chitaperedwa chonse, ndipo chambewu chinali kale m'nthaka. Chimene chinatsala m'nyumba ndi zimanga zitatu zija za pamwamba pa moto.

Lachitatu m'mawa mayi Keziah analowa kuchokera kokama ng'ombe, n'kupeza Jabez ataimirira pampando, dzanja lili kudenga.

"Ukufuna chiyani kumeneko, mwanawe?"

"Ndimaona ngati mbewa zalowamo, azakhali."

"Mbewa za pamwamba pa moto? Tsika."

Jabez anatsika. Njere zisanu ndi imodzi zimene anatong'ola zinali kale mumkono wa malaya ake. Azakhali akewo anatula ndowa, namasula kansalu kamene anamanga m'chiuno. M'menemo munali njere imodzi yachikasu.

"Iyi ndinakusungira tisanapere chomaliza," anatero. "Bambo ako sindinawasungire. Iwo sadziponyera okha chimanga, chaka chilichonse amatenga nyemba. Landira. Koma khala kaye pansi, ndikuuze zimene sindinakuuzepo.

"Pobwera kuno tinakhala panyanja milungu khumi. Madzi atachepa, tinagwirizana kuti munthu aliyense azimwa kapu imodzi patsiku. Mgolo unali poyera, wopanda mlonda, ndipo aliyense ankadzitungira yekha. Mwezi wathunthu zinayenda bwino. Tsiku lina bambo wina anatunga makapu atatu. Sanali mbala, ayi. Anali munthu wopemphera, ndipo mwana wake anali ndi malungo. Aliyense akanamva chisoni. Koma atagwidwa, mgolo uja anaumanga unyolo. Anthu amene dzulo lake ankagawana bulangete anayamba kugona ndi mipeni. Aliyense ankawerenga mmero wa mnzake. Mayi wina wokalamba anakomoka ndi ludzu chifukwa wosunga kiyi ankaopa kutsegula popanda mboni zitatu. Mwana ujanso sanachire.

"Ndikukuuza, Jabez, mbala ikaba timangoti yaba mbala, n'kupitiriza kukhulupirirana. Koma akaba munthu wabwino, pa chifukwa chabwino, anthu amasowa woti amukhulupirire. Mtsuko wa Barnabas uja ndi mgolo wathu. Ndi chinthu chokha m'mudzi muno chimene wosauka ndi wolemera amatungamo mofanana. Wandimva?"

"Ndamva, azakhali."

"Kumva n'kwina. Wakutsina khutu ndi mnansi. Pita, ng'oma ikulira."

A Hezekiah anali akudikira panja, atavala jekete lawo lakuda lomwe zigongono zinali zigamba zokhazokha. Anayenda limodzi kulowera ku nyumba ya mapemphero, kumene timachitira misonkhano yonse. Panjira Jabez analephera kupirira.

"Bambo, akakukanani lero?"

"Ndiye kuti andikana."

"Zaka zonsezi? Amayi anamwalira inu kulibe chifukwa cha anthu amenewa!"

A Hezekiah anaima. "Tamvera, mwana wanga. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mpando uja si wanga. Anandibwereka chaka chimodzi, ndipo akhala akundibwerekanso chaka ndi chaka. Mwini chinthu akachifuna umabweza, sufunsa kuti akachita nacho chiyani. Ndinachoka kwathu ndili msinkhu wakowu chifukwa kumeneko wotilamulira sitinkamusankha, ndipo sitikanatha kumuchotsa. Tinafika kuno opanda pepala lokwanira, ambiri osadziwa n'kulemba komwe, ndiye tinati tiziyankhula ndi zimene timadya. Munthu mmodzi, njere imodzi. Ndaweruza milandu yambiri, ina ndinalakwitsa, ndipo ndimaikumbukira. Koma palibe tsiku limene ndinakhala pampando paja ndikukayika ngati anthu anandiikapo. Ukandifunsa chimene ndakusungira, ndi chimenecho. Ng'ombe tili nazo ziwiri zokha."

Anayambanso kuyenda. Jabez anawatsatira, atapinda mkono wake pachifuwa kuti njere zisagwe.

4. Mtsuko

Amuna olumbira tinalipo 41. Amayi ndi ana anadzaza m'mawindo ndi pakhomo. Abusa anapemphera nthawi yaitali monga mwa masiku onse, kenako dzina la a Hezekiah Wadley linatchulidwa. Ndinaponya njere yanga, n'kuima kutsogolo ndi mtsuko, nsalu yoyera ili pakamwa pake.

Anthu ankabwera mmodzimmodzi. Jabez anabwera chakumapeto. Nkhope yake inali thukuta lokhalokha, koma ndinaganiza kuti ndi mantha a tsiku loyamba. Ndinamunong'oneza kuti, "Limba mtima, mtsukowu suluma." Analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, n'kuchedwa pang'ono. Sindinaone kanthu. Pamenepo Asa ananena zoona, ndimaona migolo yokha.

Onse atatha ndinatenga phula kuti ndimate mtsuko. A Gershom Pell anaimirira.

"Taimani kaye, a Tull. Pali lamulo lakuti mwamuna aliyense akhoza kupempha kuti njere ziwerengedwe pompano zisanatumizidwe. Kapena ndikunama, a Wadley?"

"Simukunama," anayankha a Hezekiah. "Ndinalilemba ndine."

Zaka zonsezo palibe anali atalipemphapo lamulolo. A Pell sankadziwa kanthu za Jabez. Ankangofuna kuona nkhope ya mdani wawo nyemba zikamachuluka.

Ndinakhuthula mtsuko patebulo, n'kuyamba kupatula. Nyemba zinali 20. Chimanga chinali 27. Ndinawerenganso kachiwiri.

"Makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri," anatero mmodzi wa a kwa Tarbox. "Kodi akufa aponya nawo?"

Ena anaseka, koma kuseka kunatha msanga. Pakati pa chimanga chachikasu panali njere zisanu ndi imodzi zofiira, ndipo aliyense anaziona. A Pell anatola imodzi n'kuikweza m'mwamba.

"Anzanga, ndani amalima chotere? Ine munda wanga ndimaudziwa."

A Hezekiah anaimirira pang'onopang'ono, atagwira benchi.

"Chimanga chimenecho chachokera m'nyumba mwanga."

"Ndine!" Jabez anakuwa. "Ndine ndaponya. Bambo sakudziwa kanthu. Ndikulumbira, sakudziwa!"

"Eya, sakudziwa," anatero a Pell, akumwetulira ngati munthu amene watola chikwama. "Koma mwana wa mbuzi amaonera kwa amake kudya udzu. Zaka 26 mtsuko ukupita ku likulu womata, ndipo zaka 26 akupambana munthu mmodzi. Lero ndi pamene tautsegula. Ine sindikunena kanthu, anzanga. Ndikungowerenga."

Mawu amenewo ndi amene anapha a Hezekiah, ngakhale anakhalabe ndi moyo zaka zina. Ndinaona amuna amene anadya chimanga chawo chaka cha njala akuyang'anizana, kenako n'kuyang'ana pansi. Zinandiwawa kwambiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mtsukowo ndinkaumata ndine, ndipo ndikudziwa kuti unali woyera zaka zonse zimene ndinaugwira.

Abusa anayesa kukonza zinthu. "Chotsani zofiirazo, a Tull, tione zotsala."

Ndinazikankhira pambali. Chimanga chachikasu chinatsala 21, nyemba 20.

"Ndiye kuti a Wadley apambanabe," anatero abusa. "Ndi njere imodzi."

"Ayi," anatero a Hezekiah. "Barnabas, chotsa zisanu ndi ziwiri."

"Akulu, zofiira zilipo zisanu ndi imodzi."

"Dzanja limene laponya zofiira ndi lomwelo laponya yachikasu. Lamulo likuti woponya zoposa imodzi, njere yake siwerengedwa. Chotsa."

Ndinayang'ana abusa, ndinayang'ana Jabez. Kenako ndinatola njere imodzi yachikasu n'kuiika pa zofiira zija. Zinatsala 20 kwa 20, ndipo dzina limene silinapose theka limagwa. Masana omwewo dzina la a Gershom Pell linatchulidwa, ndipo linadutsa. Ambiri amene m'mawa anaponyera a Wadley anali atasowa mphamvu zokana.

5. Wogogoda

Woweruza watsopano amalumbira patapita masiku atatu, choncho mlandu wa Jabez unali udakali m'manja mwa bambo wake. Chilango chake tonse tinkachidziwa: kumangidwa miyendo m'matabwa pabwalo tsiku lathunthu, ndi kuchotsedwa m'gulu la amuna olumbira. Chakumadzulo ndinapita kwa a Wadley ndi ndodo ya mudzi, imene ndimanyamula poitanira anthu ku milandu, kukamva tsiku la mlandu. Asa ndinakumana naye panjira akuthamangitsa ngolo kulowera ku likulu. Anati ali ndi katundu wachangu.

Ndinapeza atatuwo ali patebulo, nyemba zitazizira m'mbale. Mayi Keziah anali atatsitsa zimanga zija n'kuziika pakati. Chimodzi chinali ndi mzere wopanda njere.

"Ndinakupeza pampando," ankatero mayiwo. "Ndinakuuza. Ndikanangokukutumula malayawo ngati mwana wamng'ono. Ndinati wakula."

Jabez anagwada pafupi ndi bambo wake. "Bambo, ndimafuna kukuthandizani. Ndimaopa za mpanda. Ndimenyeni, chonde, nenani kanthu."

A Hezekiah sanakweze mawu. Zikanakhala bwino akanakweza.

"Unawerenga adani anga, mwana wanga, ndipo unawerenga bwino. Koma anzanga sunawawerenge. Amuna makumi awiri anandiponyera chimanga lero, ena a iwo ali ndi zipsera za mpanda uja m'manja. Anavomereza kuti chigamulo chinali cholungama ngakhale chinawapweteka. Chimenecho ndakhala ndikuchiyembekezera moyo wanga wonse, ndipo ndachiona kanthawi kochepa chabe. Mawa onsewo azidzafunsana ngati ndinawaberapo kale. Sindingawayankhe, chifukwa mitsuko ya zaka zapitazo palibe angaitsegulenso."

Anatulutsa m'thumba njere yachikasu ija. Sindinaone nthawi imene anaitola patebulo la chisankho. Anaiika m'dzanja la Jabez n'kumupinda zala.

"Iyi yokha inali yokwanira. Ukanangoponya iyi."

Jabez analira ngati mwana, mutu uli pa bondo la bambo wake. Ine ndinayang'ana kudenga, chifukwa ndinalibe kwina koyang'ana.

"Barnabas," anatero a Hezekiah, "mawa ng'oma ikalira umubweretse pamaso panga ngati wina aliyense. Matabwa aja uwaone ngati ali olimba."

Ndisanayankhe tinamva nkhwangwa. Phokosolo linkachokera kutsidya kwa mtsinje, ndipo sinali nkhwangwa imodzi. Ana a Pell sanathe kudikira ngakhale masiku atatu. Mayi Keziah anapita pawindo, n'kubwerera atagwira pakamwa.

Patapita kanthawi panamveka kugogoda. Ndinasuzumira pawindo. Anali Sokanum, wonyowa mpaka m'chiuno chifukwa anawolokera pamadzi posafuna kuzungulira ku mlatho. Paphewa anasenza mtengo wa mpanda wodulidwa pakati.

"Wadley!" anaitana. "Tuluka, woweruza. Ndabwera ndi mlandu."

A Hezekiah anayamba kudzuka monga ankachitira zaka zonse munthu akaitana dzina limenelo. Kenako anakhalanso pansi. Anayang'ana mwana wawo.

"Pukuta maso," anatero. "Pita ukamutsegulire. Ukamuuze ndiwe chimene wachita ndi chimanga chake."

Jabez anaimirira, njere ija ili m'dzanja. Nkhalamba inagogodanso, ndipo iye anayamba kuyenda kulowera kuchitseko.